Ndinakwatiwa ndi Mpeni

1

Dzina langa ndine Warsini. Ndimakazinga milamba pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Madiun, ndipo amene amadya pa benchi langa amandidziwa kuti ndine mayi wapakamwa, wosanyengerera munthu wodandaula kuti tsabola wachuluka. Chimene sadziwa n'chakuti ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinakwatiwa ndi mpeni. Sekani ngati mukufuna. Ine nkhaniyi ikandibwerera m'mutu, mate amadzaza m'kamwa, ndimayamba ndalavula kaye.

Bambo anga, a Mangun, anali mmisiri wosema zimake za kerisi, mipeni yaulemu ya makolo kwathu ku Solo. Ankatumikira nyumba ya Bwana Purbo monga anachitira bambo awo ndi agogo awo, ndipo chaka chilichonse mwezi wa Suro, woyamba pa chaka chathu, ukaoneka, ndiwo ankatsuka mipeni ya makolo ya m'nyumbamo. Amayi anamwalira ndili wamng'ono, choncho ndinakulira mu utuchi, ndikupatsira bambo tchizulo ndi kuwafinyira mandimu. Lamulo loyamba la ntchitoyo ndinalidziwa ndisanadziwe kuphika mpunga.

"Chimake chimasemedwera mpeni umodzi basi, Warsini," ankatero. "Ukalowetsamo wina, chimakana."

Baskoro anali mwana wachiwiri wa Bwana Purbo. Anabwera kwathu kudzasemetsa chimake cha mpeni wake, kampeni kowongoka kopanda mbiri iliyonse. Ntchito yofuna maulendo awiri iye anaiyendera maulendo khumi ndi umodzi, ndipo ulendo uliwonse ankafika bambo atapita kumsika. Chimakecho ndinachisalaza ndine ndi masamba okhakhala mpaka chinawala. Pamtengo wake panali banga lakuda looneka ngati chidindo cha chala.

"Chala chako ichi," anatero tsiku lodzatenga. "Ukaona chimake chimenechi, waona ine."

"Mas Baskoro, mwana wa bwana sakwatira mwana wa mmisiri," ndinayankha, ndikumutchula Mas monga timaitanira mwamuna mwaulemu kwathu.

"Ndani anatero? Dikira uone."

Ndinadikira. Ndinali chitsiru chosamba bwino, chovala maluwa m'tsitsi.

2

Patapita miyezi inayi bambo anabwera kuchokera ku nyumba yaikulu mawondo ali mbuu ndi fumbi, chifukwa kumeneko munthu wonga ife salankhula ataimirira. Anakhala pa mpando wawo wa ntchito n'kuyamba kunola tchizulo chakuthwa kale.

"Akufunsira ku nyumba yaikulu."

Mtima wanga unadumpha. "Ndani, bambo?"

"Ukufunsa ngati sukudziwa?" Sanadzutse mutu. "Baskoro ali ku Jakarta, ku sukulu. Mwamuna sakhalapo pa ukwati. Adzatumiza mpeni."

Zimenezo sizinali zachilendo. Bwana akamatenga mkazi wa m'munsi, mpeni wake ndi umene umakhala pa mpando wa mkwati, ndipo palibe amafunsa. Azakhali anga a Painem, alongo awo a bambo, anandiveka zaukwati akung'ung'udza.

"Anzako amakwatiwa ndi anthu a miyendo iwiri. Iwe chitsulo. Koma mwina uli ndi mwayi, chitsulo sichiliza mkonono."

"Azakhali, musandiseketse, ufa ugwa kumaso."

"Sindikuseka, mwanawe. Bambo akowa bwanji sakudya masiku ano?"

Ukwati unachitika mwezi wa Besar, Suro asanalowe. Mawu omanga ukwati anawalankhula amuna okhaokha m'chipinda chakumaso, bambo anga akuyankhira ine, pamene ine ndinali kuseri ndi akazi. Dzina la mkwati sindinalimve, ndipo sindinaone chifukwa cholimvera. Atanditulutsa, pa mpando panali mtsamiro wofiira, ndipo pa mtsamiropo panali chimake changa chija ndi banga lake lakuda. Chigwiriro chinalinso cha Baskoro. Pakati pa ziwirizo anakulungapo nkhata ya maluwa oyera a melati, yonenepa ngati mkono wa khanda.

Ndinagwada pamaso pa mpeniwo. Anagunditsa nsonga ya chimake pa dzira, ine n'kuitsuka ndi madzi a maluwa monga mkwatibwi amatsukira phazi la mwamuna wake. Misozi inkandilengeza ndi chimwemwe. Akazi a m'nyumbamo ankatsinana, akubisa pakamwa ndi nsalu, ndipo mkazi wa Bwana Purbo sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Ine ndinati ndi nsanje chabe ya anthu apamwamba.

3

Anandipatsa kanyumba ka kuseri kwenikweni kwa mpanda, pafupi ndi dziwe la milamba. Pamwamba pa dziwelo panali chimbudzi cha antchito, cha nsungwi, ndipo nsombazo zinkanenepa ndi zogwa m'menemo. Mphepo ikatembenuka, fungo linkalowa mpaka mu tiyi. Mpeni unkagona pa mtsamiro wa mwamuna, ine pambali pake. Anandiuza kuti mwamuna wanga adzalowa m'nyumbamo pa tsiku limene akuluakulu anawerengera, mipeni ikatsukidwa mwezi wa Suro. Anandiletsanso kukhudza nkhata ya maluwa. Bambo anga ndiwo ankabwera masiku atatu alionse kudzaisintha, atandituma kaye kukatunga madzi.

Amene ankabwera osaitanidwa anali Bwana Purbo. Anali ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri. Mano anali otsala anayi, ofiira ndi masamba amene ankatafuna, ndipo kulikonse ankayenda ndi kambale kamkuwa kolavulira. Pa kachala kakang'ono ankasunga chikhadabo chachitali chachikasu, chimene ankakandira m'khutu kenako n'kutakasira shuga. Ankanunkha mafuta amphamvu a misiki, amene palibe wina m'nyumbamo ankaloledwa kudzola. Dzuwa likapendeka ankakhala pakhonde panga.

"Bwanji, amuna akowo sakukuvutitsa pogona?" Ankaseka mpaka kutsokomola, kenako *thu* m'kambale.

"Ayi, bwana."

"Ndi ozizira eti? Usadandaule, masiku atsala ochepa. Bwera kuno ndione dzanja."

Ankandigwira pamkono, chikhadabo chija chikuyenda pakhungu langa. Akachoka ndinkakhula pamalopo ndi phulusa mpaka pofiira. Mumtima ndinkati apongozi opanda khalidwe, Mas Baskoro akadzabwera ndidzamuuza zonse. Antchito a kukhitchini anayamba kunditchula kuti "amayi aang'ono." Ndinafunsa mayi wophika chifukwa chake.

"Ndiye tizikuti chiyani? Amayi aakulu alipo kale," anayankha, maso ali mumphika.

Ndikakumbukira lero ndimadzida. Anthu ankanditsina khutu usana n'kuwala, koma ine ndinkangoyang'ana banga lakuda lija.

4

Sabata yachitatu kunagwa mvula ya masiku awiri, msewu wa kwathu unadzaza, ndipo bambo sanabwere pa tsiku lawo. Maluwa anafota, anasanduka abulauni, anayamba kununkha ngati ndiwo zogona. Ndinati mwamuna wanga sangagone ndi zowola pakhosi. M'mawa wina nditasesa, ndinamasula nkhata ija.

Mpeni sunali kukhala bwino m'chimake. Unatsala kunja pang'ono, mpata wokwana chala chimodzi. Ndinaugwedeza, unalira *kwetekwete*. Chimake chimene bambo anasema, chimene ndinasalaza ndi manja angawa, sichinkalira. Ndinayandikitsa mphuno. Baskoro ankadzoza mpeni wake mafuta a melati. Apa panatuluka misiki.

Ndinaukweza pamphumi monga mwa ulemu, n'kuusolola.

Sunali wowongoka. Ndinawerenga mokhota mwake ndi chala, ngakhale ndinali nditadziwa kale. Khumi ndi zitatu. Chitsulo chakuda cha mizere yoyera yopindana ngati madzi a mumtsinje. Ndinali nditaufinyira mandimu chaka ndi chaka kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Unali Kiyai Kumbang, mpeni waukulu wa mtundu wawo, umene m'nyumbamo ankautchula kuti Agogo ndi kuufukizira lubani Lachinayi lililonse. Agogo sankaimira munthu wina aliyense koma mwini nyumba.

Ndinathamangira kunja n'kusanza m'dziwe. Milamba inabwera n'kumalimbirana.

Nditabwerera ndinasuzumira m'kati mwa chimake ndikuloza kuwala. Wina anali atachikumba kuti mpeni waukulu ulowe, ndipo mtengo unali woyera, wosemedwa chatsopano. Mabala a tchizulo ankapendekera kumanzere. Mu Solo monse munali mmisiri mmodzi yekha wamanzere.

5

Bambo anafika masana, atanyamula nkhata yatsopano m'tsamba la nthochi. Anandipeza nditakhala pakhomo, Agogo ali maliseche pamiyendo panga. Nkhata inagwa pansi.

"Bweza m'chimake! Mwana iwe, bweza msanga, Agogo sakhala pamtetete!"

"Chimake chikukana, bambo. Munandiphunzitsa ndinu."

Anakhala pansi m'matope, mwamuna wa imvi zake.

"Ndine mkazi wa ndani?"

Anayang'ana nkhata ija pansi. Ndinafunsanso.

"Bambo, m'chipinda chija munatchula dzina la ndani?"

"La bwana," ananong'ona. "Anakuona chaka chatha pa kutsuka. Anati akufuna iwe. Ine ndikanati chiyani? Bambo anga anadya mpunga wa nyumba ino, ine ndadya mpunga wa nyumba ino. Pakamwa pathu sipanatulukepo ayi."

"Ndiye bwanji simunandiuze?"

"Ukanachita phokoso. Ndimakudziwa. Ukanatichititsa manyazi pamaso pa anthu."

"Manyazi! Munakhala pansi ndi tchizulo chanu, mukukumba chimake kuti mwana wanu asadziwe amene akumugwadira, ndipo manyazi munalibe?"

"Ndinagwira ntchitoyo ndikulira, Warsini."

"Koma munaigwira. Ndipo munaigwira moipa, mpeni ukugwedera."

Mukudziwa chimene bambo anga anachita? Anatenga chimake, n'kuchiyang'ana m'kati, n'kunena kuti anawapatsa tsiku limodzi lokha, mtengo wake ndi wouma, ukanang'ambika. Ndinali nditangowauza kuti andigulitsa kwa nkhalamba yolavula m'mbale, iwo akudziteteza pa luso. Ndinawayang'ana ngati ndikuwaona koyamba.

Funso limodzi linatsala, ndipo ndinkaliopa kuposa onse.

"Chimake ichi ndi chigwiriro munazitenga bwanji? Munamubera Mas Baskoro?"

Bambo anatola nkhata, anaipukuta matope, n'kuyamba kuikulunga mosamala pa mpeni.

"Akubwera mawa kudzaona kutsuka. Ukamufunse wekha."

6

Baskoro sanali ku Jakarta. Masiku onsewo anali kwa amalume ake ku Klaten, ulendo wa ola limodzi pa basi, akudya ndi kusewera makadi. Anandipeza kuseri ndikuyanika zovala. Anavala malaya oyera, atagwira kansalu pamphuno chifukwa cha dziwe.

"Warsini, waonda."

"Chimake chanu chili m'nyumbamu, Mas. Anakuberani?"

Anayang'ana uku ndi uku. "Tsitsa mawu. Ndimvere kaye, iwe ndiwe wanzeru."

"Anakuberani kapena ayi?"

"Ndinapereka ndekha. Koma tamvera. Agogo amayenera kupita kwa achimwene anga aakulu, umadziwa. Bambo anandiitana, anati ndikawathandiza pa nkhani yako, akadzamwalira Agogo ndi anga. Agogo, Warsini! Amene ali ndi Agogo ndiye mutu wa mtundu wonse. Ukuganiza kuti mwayi wotere umabwera kawiri?"

Ndinangomuyang'ana pakamwa. Milomo yomweija imene ndinkaiganizira ndikusalaza mtengo.

"Ndipo taganiza bwino," anapitiriza, mawu atafewa. "Madalawa atsala ndi chiyani? Ukuwamva kutsokomola. Chaka chimodzi, mwina ziwiri. Iwe ungopirira, utseke maso. Akapita, mpeni ndi wanga, nyumba ndi yanga, iwenso uli pompano. Palibe chataika."

"Ndidikire bambo ako amalize, kenako iwe udzanyambite mbale?"

Aka kanali koyamba kumutchula kuti iwe. Anadzidzimuka ngati ndamumenya.

"Usalankhule ngati mkazi wa mumsika."

"Wa mumsika amadziwa mtengo wake asanagulitsidwe. Ine ndaumva lero. Chitsulo."

"Si chitsulo! Usanyoze Agogo, adzakumva."

Pamenepo ndinaona kuti akunenadi zoona. Nkhope inali itatuwa, maso akuthawira ku zenera la kanyumba kanga. Munthuyu sanaope kundipereka kwa bambo ake, sanaope Mulungu, koma ankaopa kuti mpeni wamva. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinamusiya ataima ndi kansalu kake pamphuno, ndinakalowa m'nyumba. Kutsuka kunali m'mawa mwake, ndipo tsiku loti nkhalamba ilowe m'kanyumba kanga linali lotsatira.

7

M'mawa bwalo lakumaso linali litayalidwa mphasa. Mipeni makumi awiri ndi iwiri inandandalikidwa pa nsalu yoyera, pambali pali mabeseni a madzi a kokonati, mandimu odula, maluwa, ndi lubani akufuka. Abale anabwera kuchokera kutali. Bwana Purbo anakhala pa mpando wake, kambale pamwendo. Panatsala Agogo okha, ndipo anatuma akazi awiri ndi ambulera yaulemu kuti akawatenge kwa ine.

Asanafike pakhomo ndinakuwa. Ndinakuwa mpaka nkhunda zinabalalika padenga.

Anandipeza ndili pansi, tsitsi lili nyankhalala, ndikuloza pa mtsamiro. Chimake chinali pomwepo, nkhata yake ili bwinobwino, koma m'kati munalibe kanthu. Pamwamba pa bedi phale limodzi la denga linali litasuntha, kuwala kukulowa.

"Ndinamva kulira ngati njuchi," ndinatero ndikusisima. "Kenako moto wobiriwira, n'kutulukira apo!"

Bwalo lonse linakhamukira kuseri. Anagubuduza bedi, anang'amba mtsamiro, akazi anandivula n'kundifufuza mpaka m'tsitsi. Baskoro anakwera yekha padenga ndi malaya ake oyera. Sanapeze kanthu. Bwana Purbo anafika atagwiridwa m'mikono, mate ofiira akutsikira pachibwano.

"Mangun! Iwe ndiwe wodziwa. Nena, mtsikanayu waba?"

Bambo anagwada. Anatenga chimake, anachinunkhiza, anayang'ana padenga. Kenako anandiyang'ana ine, nthawi yaitali ndithu. Ndinadziwa kuti moyo wanga uli pa lilime la munthu amene sananenepo ayi.

"Sanabe, bwana," anatero pomaliza. "Mkazi sangagwire Agogo dzanja osapsa. Achoka okha. Tinawaveka chovala cha mwana, tinawanamiza pa ukwati. Akwiya."

"Abwerera?"

"Sindikudziwa, bwana. Koma mkwati amene anakhala pa mpando ndi iwowo, ndipo athawa mkaziyu. Amene angamukhudze, sindikudziwa chimene chingamuonekere."

Nkhalamba ija inabwerera m'mbuyo ngati ndili ndi khate. Kambale kanagwa, zam'kati zinakhuthukira pa mapazi a mkazi wake. Pomwepo, pamaso pa abale onse, inatchula mawu ondisudzula katatu, mofulumira ngati yapsa pakamwa. Anandiuza kuti dzuwa lisanalowe ndikhale nditatuluka. Onse anabwerera kumaso kukafukiza lubani ndi kupepesa makolo, ndipo kuseri kunatsala ine ndi ntchentche.

Ndinachoka ndi mtolo wa zovala ndi dengu la milamba. Mayi wophika anati nditenge zambiri, poti m'nyumbamo palibe bwana ankadya nsomba za m'dziwe limenelo. Bwana Purbo anamwalira chaka chisanathe, akulota mpeni ukumuthamangitsa. Ana ake anakangana, nyumba inagulitsidwa, ndipo lero pamalopo amagulitsa matayala.

8

Chaka chatha, nthawi ya nkhomaliro, pa benchi langa panakhala mkulu wina wa dazi, jekete yothetheka m'zigongono. Ndinamuzindikira ndi mmene anagwirira kansalu pamphuno.

"Warsini? Anandiuza kuti uli kuno."

"Wa tsabola kapena wopanda?"

"Ndine Baskoro."

"Ndamva. Wa tsabola kapena wopanda?"

Anayamba kulira, pamaso pa oyendetsa njinga ndi ana a sukulu. Anati zaka makumi anayi wakhala akufunafuna Agogo. Wapita kwa asing'anga a m'mapiri, wagona kumanda a makolo, wasala kudya, wagulitsa munda ndi galimoto. Mkazi anamuthawa. Sing'anga womaliza anamuuza kuti Agogo sangabwerere pokhapokha mkazi amene anawathawitsa atakhululuka.

"Ndiye wabwera kudzapepesa ine, kapena kudzatenga chilolezo cha mpeni?"

"Zonse ndi chimodzi, Warsini. Ungonena mawu okha. Sindikufuna kufa ndisanawagwire m'manja."

Zaka makumi anayi, ndipo anali yemweuja. Ndinavuula mlamba wonenepa m'ndowa, ndinaugoneka pa thabwa pamaso pake, ndinatenga kampeni kanga kakuda ka chigwiriro cha pulasitiki. Ndinautumbula, matumbo n'kugwera m'chitini. Iye anatembenuza nkhope.

Tsopano ndikuuzeni, owerenga, chimene sindinauzepo munthu. Agogo sanauluke. M'mawa uja ndinasuntha phale ndi mtengo wa tsache, ndinachotsa chigwiriro cha Baskoro n'kuchiponya m'moto wa madzi osamba, ndipo chitsulocho ndinachilowetsa pa bowo la chimbudzi cha antchito. Ndinadziwa kuti angafufuze pena paliponse, koma palibe wa magazi apamwamba angaganize kuti Agogo ali m'manyi. Onse ali kumaso kupepesa, ndinalowa m'dziwemo mpaka m'chiuno, ndikufufuza ndi zala za kumapazi, milamba ikunditerera m'miyendo. Ndinasanza kawiri. Komabe ndikunenetsa, madzi amenewo anali oyera kuposa khonde limene nkhalamba ija inkandigwirira dzanja.

Mpeni unatuluka pachipata uli pansi pa nsomba. Bambo anandiperekeza mpaka pamsewu. Ndinkayembekeza mawu amodzi okha, akuti pepa mwana wanga. Basi itaima anandiyandikira n'kunong'ona:

"Uwatsuke ndi mandimu ambiri lero lomwe. Madzi amenewo amadyetsa dzimbiri."

Ankadziwa. Anandinamira bodza limene linandipulumutsa, ndipo chimenecho sindichikana. Koma mawu awo omaliza kwa ine anali odera nkhawa chitsulo. Sindinabwererenso ku Solo mpaka tsiku la maliro awo.

Kuno ku Madiun ndinapeza wosula makasu wina wopemphera kwambiri, amene ankati zofukizira mipeni ndi uchimo. Anauika pamoto, anauwongola malo onse okhota khumi ndi atatu, anaudula pakati. Theka anapangira chikwakwa cha mkazi wake. Theka linalo landidyetsa, landimangira nyumba, laphunzitsa ana anga atatu amene ndinabereka ndi mwamuna wa miyendo iwiri, woliza mkonono, amene ndinamusankha ndekha. Dzanja langa silinapsepo.

Ndinamuikira Baskoro mbale yake. Anadya ngati wa njala, mpaka kuyamwa mutu. Atamaliza ndinamupatsa nkhaka ndi kampeni kaja.

"Dula wekha, ine manja ali ndi mafuta."

Anakagwira. Anadula nkhaka yake. Anakatembenuza kamodzi, mizere yoyera ikuoneka pang'ono pansi pa mamba a nsomba, kenako anakakankhira kutali ndi chala, n'kupukuta dzanja pa kansalu.

"Ukatsukeko mpeniwu, ukununkha. Ndiye ukuti bwanji za chikhululuko?"

"Pita, Mas. Chimene unkafuna usanafe wachichita kale."

Anandithokoza, osamvetsa kanthu, n'kukakwera sitima ya madzulo.

Ena mwa inu muti ndinachimwa, ndinawononga chuma cha makolo chimene mmisiri wakale anachisula akusala kudya. Mwina n'zoona. Ntchito ya manja ake inali yokongola, ndipo iye yekha ndiye ndimamupepesa. Ena muti ndikanamuuza Baskoro, munthu wakalamba. Ndinamuika m'manja chinthu chimene anandigulitsira, ndipo sanachidziwe, monga sanandidziwe ine. Ndimuuze chiyaninso?

Inu atsikana amene mukuvekedwa zaukwati, musakhutire ndi chimake chifukwa chakuti mukuchidziwa. Masulani maluwa, funsani dzina, mulimve ndi makutu anu, ngakhale amene akukuuzani kuti musafunse ndi bambo anu okubalani. Ndipo inu abambo amene pakamwa panu sipatuluka ayi pamaso pa akuluakulu, dziwani kuti inde wanuyo pali amene amamulipira, ndipo kawirikawiri ndi mwana wamkazi.

Ine ndalankhula, mtima wapepuka pang'ono, ngakhale mate akadali owawa. Mukadzadutsa ku Madiun, tsikani mudzadye. Mudzapeza Agogo ali pa thabwa, akutumbula milamba kuyambira m'mawa, ndipo sanadandaulepo.